Kapaipi ka Mkuwa

Laputopu yanga idazima koyamba Lachiwiri masana, m'sabata yachiwiri ya Okutobala chaka cha 2015, ndili pakhonde la nyumba ya azakhali anga kufupi ndi Ngabu. Siidachenjeze. Sikirini idangoti bii, ngati wina wauzira nyale. Nditapisa dzanja kunsi kwake ndidalichotsa msangamsanga, pakuti padali potentha ngati chiwaya chongophula kumene pamoto. Ndidadikira kanthawi n'kuiyatsanso. Idapirira mphindi 20, fani yake ikulira ngati njinga yamoto yokwera chitunda, kenaka idazimanso.

Ndidatsikira kuchigwa cha Shire nditapatsidwa tchuthi cha masabata 6 kuntchito yanga yauphunzitsi ku Zomba, cholinga chili chojambula azakhali akuyankhula Chimang'anja chimene adayamwira. Adali atapyola zaka 80, ndipo matenda a mtima adali atayamba kuwatupitsa miyendo. M'kamwa mwawo munkatuluka mawu ena amene sindinkawapeza m'Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000, koma ndinkawapeza m'dikishonale yakale ya David Clement Scott ya mu 1892. Enanso sadali m'buku lililonse limene ndidali nalo. M'mawa, mphamvu zikadali m'thupi mwawo, ndinkawajambula ndi kamera ya kanema. Masana ndinkasamutsira zojambulazo mu laputopu ndi kulemba liwu lililonse pogwiritsa ntchito ELAN, pulogalamu yochokera ku Max Planck Institute for Psycholinguistics ku Nijmegen, imene ambiri a ife ofufuza ziyankhulo timaidalira. Madzulo ndinkabwerera kwa iwo ndi mafunso. Kamerayo idali ndi kakhadi kamodzi kokha kosungira zithunzi, kamene kankadzaza pa maola awiri, kotero kuti laputopu ikapanda kulandira katundu wa lero, mawa kudalibe pojambulira.

Aliyense amene adatsikapo chitunda cha Thabwa kuchokera ku Blantyre m'nyengo imeneyi akudziwa mmene mphepo yolowera pazenera la minibasi imasinthira msewu ukamakhotakhota. Pamwamba paja imakhala mphepo. Pofika pamlatho wa Kamuzu imakhala itasanduka mpweya wa m'ng'anjo. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene Ngabu ili pamamita pafupifupi 100 okha, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala si zachilendo kuti kutentha kwa masana kupyole madigiri 40. Chaka chimenecho n'chimenenso chilala cha El Niño chidayamba kukuta maiko a kumwera kwa Africa. Motero woimbidwa mlandu ndidampeza mosavuta: dzuwa. Nditawerenga pafoni kuti makampani ambiri opanga malaputopu amalemba kuti makina awo asagwiritsidwe ntchito pamalo potentha kupyola madigiri 35, ndidakwiya mkwiyo wokoma uja wa munthu wophunzira, umene umayamba kale kulemba nkhani m'mutu: onani, zipangizo zimenezi adazipangira zipinda za kumaiko ena, ife a kuchigwa sadatiwerengere.

Mfundo imeneyi ili ndi choonadi chake, ndipo mpaka lero sindidaitaye. Koma idandithandiza kubisa choonadi china chosakoma. Laputopuyo ndidaigula kwa munthu mu 2012, ndipo kwa zaka zitatu sindidaitsegulitsepo ngakhale kamodzi. Ku Zomba, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, ndinkalemba ndili pabedi, makinawo atakhala pabulangete. Muofesi ndinkawayalira chitenje chopinda kanayi kuti asakandike. Ankatentha, inde, mpaka kufiiritsa ntchafu, ndipo phokoso la fani linkakula chaka ndi chaka. Koma popeza sankazima, ine ndinkati ndi ukalamba chabe. Kamphepo ka m'tsinde mwa phiri la Zomba kankandilipirira ngongole imene sindinkadziwa kuti ndili nayo.

Ngongoleyo adadzaiitanitsa Lachinayi. M'mawa wa tsikulo azakhali adadzuka ndi mphamvu zachilendo, ndipo popanda ine kufunsa adayamba kusimba za njala ya mu 1949, pamene adali mtsikana: ulendo umene adayenda ndi amayi awo kukasuma, zimene ankadya m'njira, ndi kamwana ka mchemwali wawo kamene adakaika m'manda kudziko la eni. Adayankhula mphindi 40 osayang'ana kamera ngakhale kamodzi. Masana ndidayamba kukopera fayilo mu laputopu n'kupita kukasamba. Pobwerera ndidapeza makina atazima. Nditawayatsa ndidaona fayilo ija ilipo, dzina lake ndi kukula kwake zili bwinobwino, ndipo ndidakhulupirira kuti kukopera kudatha makina asadazime. Sindidaitsegule kuti nditsimikize. Ndidafufuta kakhadi kaja, ndipo m'mawa mwake ndidajambulapo zina mpaka kudzaza. Loweruka m'pamene ndidazindikira kuti fayiloyo idali chigoba. Windows imayamba yasungira fayilo malo ake onse isadamalize kuthiramo zam'kati, kotero kuti makina akazima pakati pa ntchito, chotsalacho chimatha kuoneka chathunthu pamene sichili. Idaonetsa mphindi 6 zokha.

Nditawapempha kuti abwereze, adandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwananga, maliro amene aja ndidalira kale Lachinayi."

Adabwerezadi patapita masiku, pondimvera chisoni, koma nkhani ya mphindi 40 idatha m'mphindi 5, ndipo kamwana kaja sadakatchule.

Malangizo sadasowe. Mnyamata wina wa pamalo ochajira mafoni adati ndiike makinawo mufiriji ya zakumwa pagolosale. Ndidatsala pang'ono kutero, koma ndidakumbukira mmene botolo limachitira thukuta likangotuluka mufiriji: chinyezi cha mumpweya chimasanduka madzi pa chinthu chozizira, ndipo madzi otero akakhala patimawaya ta m'kati, malungo amasanduka maliro. Wina adati ndiyale nsalu yonyowa pansi pake. Chimene ndidachita n'kuikhazika pa zitsekerero zinayi za mabotolo kuti mpweya uzidutsa kunsi, kutseka mapulogalamu onse osafunika, ndi kuuza Windows, m'gawo loona za kagwiritsidwe ntchito ka magetsi, kuti purosesa isapyole 80 peresenti ya mphamvu zake. Ndidayambanso kugwira ntchito usiku, kuyambira 10 koloko mpaka tambala woyamba. Zonsezi n'zothandiza, ndipo wina atandifunsa lero ndingamuuze kuti ayambire pamenepo. Kwa ine zidangotalikitsa mphindi 20 zija kukhala 35. Kapulogalamu kotchedwa Core Temp, kamene kamawerenga kutentha kwa purosesa, kankaonetsa madigiri opyola 70 makina ali phee, ndipo ndikangoyamba kubwerezabwereza kachigawo ka kanema mu ELAN, monga ntchito yathu imafunira, manambala ankakwera ndikuona: 88, 93, 97.

Usiku wina ndidawerenga pafoni mpaka mayunitsi kutha, ndipo ndidachita manyazi pozindikira kuti chinthu chimene ndinkachigwira tsiku lililonse sindinkachidziwa n'komwe. Pafupifupi magetsi onse amene kompyuta imadya amathera m'kutentha. Purosesa ya malaputopu ambiri a nthawi imeneyo inkatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 35 ikakhala pantchito yolemetsa, ndipo konseko kunkachokera pa kachidutswa kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Malire ake ndi madigiri 100, kapena kupyolako pang'ono. Ikayandikira pamenepo imayamba yadzichepetsera liwiro, n'chifukwa chake makina otentha amayenda ngati bilimankhwe. Ndipo zikakanika imadzizimitsa. Kuzima kumene ine ndinkakutukwana kudali kudzipulumutsa kwa makinawo.

Njira imene kutenthako kumatulukira ndi yaifupi. Pamwamba pa purosesa pamakhala kambale kamkuwa, ndipo pakati pa ziwirizi amapakapo phala lapadera lotseka timipata tosaoneka ndi maso, chifukwa mpweya wotsekeredwa m'timipatamo sulola kutentha kudutsa bwino. Pa kambaleko pamachoka kapaipi kamkuwa kophwathalala, kotsekedwa mbali zonse, kamene kamakathera pa tizitsulo topyapyala tondandalikana ngati mano a chipeso, pakamwa pa fani. M'kapaipimo muli madontho ochepa a madzi, ndipo mpweya adaupopamo, kotero kuti madziwo amawira ngakhale pa kutentha kochepa. Akawira kumbali ya purosesa, nthunzi imathamangira kumbali ya chipeso, kumene mphepo ya fani imaiziziritsa n'kusandukanso madzi. Madziwo amabwerera okha potsata khoma la m'kati, lokhala ngati siponji, monga mmene palafini amakwerera m'chingwe cha nyale. Luso limeneli adalikhwimitsa ndi George Grover ku Los Alamos, m'dziko la America, mu 1963, ndipo lidayamba lagwira ntchito m'zida zoponyedwa m'mlengalenga lisadafike m'zikwama zathu. Koma mphepo ikalephera kudutsa m'mano a chipeso chija, ulendo wonsewu umaima.

Kudziwa n'kwina, kugwira sikuludiraiva n'kwinanso. Ndinkaopa. M'makinamo mudali ntchito ya masabata awiri, ndipo amisiri a makompyuta amene ndinkawadziwa adali ku Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 100, ulendo wondidyera masiku awiri kapena atatu a azakhali amene palibe akadandibwezera. Nditakopera zonse mu hard drive ina usiku, pang'onopang'ono, ndi kutsegula fayilo iliyonse kuti ndione ndi maso anga, ndidapita kwa bambo wina wachikulire wa pamsika, wokonza mawailesi ndi maampulifaya a m'matchalitchi ndi m'nyumba zoonetsera kanema.

"Aphunzitsi, chinthu chotere sindidatsegulepo," adatero atachitembenuzatembenuza. "Koma ngati vuto lake n'kutentha, matenda amenewo timawadziwa. Ampulifaya ikamazima pakati pa nyimbo timayamba tayang'ana fumbi, kenaka phala."

Adatulutsa kachubu ka phala loyera limene amapaka kumsana kwa matiranzisita asadawamangirire pa chitsulo choziziritsa. Si lapamwamba ngati lotuwa lija amagulitsa m'masitolo a makompyuta, koma ntchito yake ndi yomweyo. Tidagwirizana kuti ine ndiziwerenga malangizo pafoni, iwo azigwira zida.

Tidayamba ndi kuchotsa chaja ndi batire. Batirelo adaliyang'ana mbali zonse kuti aone ngati latupa kapena kung'aluka, ndipo adachita bwino, pakuti kutentha kwa batire ndi nkhani ina yosanyengerera: mu 2006 kampani ya Dell idaitanitsa mabatire oposa 4 miliyoni opangidwa ndi Sony chifukwa ena ankagwira moto. Langa lidali lopanda vuto. Kenaka bambowo adajambula chithunzi cha kunsi kwa laputopu pakatoni, ndipo sikuluwu iliyonse akaimasula ankaibaya pamalo pake pachithunzipo, popeza kutalika kwake kumasiyana ndipo yaitali ikalowa pamalo pa yaifupi imaboola zam'kati. Nzeru imeneyi siidali m'malangizo anga. Timalamba topyapyala tolumikiza kiyibodi adatimasula ndi chikhadabo, ine mtima uli m'mwamba.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Titanyamula fani, pakati pa iyo ndi chipeso chija padali chinthu chimene poyamba ndidachiyesa chiwalo cha makina: kansalu kotuwa, kolimba, kotalika ngati chala, kotseka mano onse kuchokera uku mpaka uko. Bambowo adakakoka ndi kachitsulo kopanira, ndipo kadatuluka kathunthu osaduka. Adakaunika padzuwa. M'fumbimo munkaoneka ulusi wofiira ndi wobiriwira.

"Fumbi la kuno ndi lapamwambali," adatero. "Koma bulangete ili si la kuno, aphunzitsi. Kuno sitifunda zotere."

Lidali bulangete langa la ku Zomba.

Zotsalazo zidayenda msanga. Mapiko a fani adawasesa ndi mswachi wakale, ndipo m'mano a chipeso adapopamo mphepo ndi pampu ya njinga, faniyo ataigwira ndi chala kuti isazungulire mopyola muyeso n'kuwonongeka. Titachotsa kambale kamkuwa tidapeza phala lakale litauma n'kung'aluka ngati matope a m'dambo m'chilimwe. Adalipukuta ndi thonje lonyika m'sipiriti woyera mpaka mkuwa kuwala, n'kudonthezapo latsopano, kadontho kofanana ndi njere ya mpunga. Ine ndidati awonjezere.

"Phala si ndiwo, aphunzitsi. Likachuluka limatchinga."

Masikuluwu a kambaleko adawamanga mopingasa, pang'onopang'ono, potsata manambala olembedwa pambali pake, kuti phala lifalikire mofanana. Titabwezera zonse ndi kuyatsa, ndidayamba ndadera nkhawa chifukwa sindidamve phokoso. Kenaka ndidaika dzanja pambali ndipo ndidamva mphepo yofunda ikutuluka mwamphamvu, chinthu chimene ndidali nditaiwala kuti makinawo ankachita. Core Temp idaonetsa madigiri 48. Ndidatsegula kanema n'kumusiya akubwerezabwereza theka la ola, pansi pa denga lamalata, nthawi ya 2 koloko masana. Siidapyole 74. Bambowo adandilipiritsa mtengo wokonzera wailesi.

Malaputopu a masiku ano ndi opyapyala, batire lake limakhala m'kati ndipo limafunika kulimasula pachingwe chake munthu asadagwire china chilichonse; ena, monga MacBook Air kuyambira mu 2020, alibe fani n'komwe. Koma paliponse pamene pali fani, fumbi limapezapo malo, ndipo ine tsopano ndimatsegula makina anga chaka chilichonse Okutobala asadafike. Dzuwa nalo sindikulichotsera mlandu wonse. Fani imaziziritsa ndi mpweya umene yaupeza, ndipo nditabwerera ku Zomba manambala omwe aja adatsika ndi madigiri ena pafupifupi 10. Mfundo yomalizayi, komabe, woyamba kundiuza sadali Core Temp.

Madzulo a tsiku lokonzetsalo azakhali adali pamphasa, miyendo ataitsamiritsa pa mtondo wogoneka. Laputopu ankaitchula kuti mnzanga.

"Nanga mnzako uja am'peza ndi chiyani kuchipatala?"

Ndidawaonetsa kansalu ka fumbi kaja, kamene ndidakakulunga m'pepala, ndipo adaseka mpaka kutsokomola. Kenaka, mwa chizolowezi cha mphunzitsi, ndidatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi: apa pali moto, apa pali kapaipi, madzi amawira apa, nthunzi imapita uku, imazizira, imasanduka madontho. Sindidamalize.

"Ndiye kuti m'katimo akutcheza kachasu."

Ndidaseka, koma iwo sadaseke.

"Nthunzi ichoke pamoto, idutse m'paipi, ikazizire, igwe madontho. Nanga si zomwezo? Ndipo madzi oziziritsira paipi akafunda, kachasu amasiya kudontha, kumangotuluka nthunzi yokhayokha. Umataya madziwo n'kuthira ena ozizira. Ukachita ulesi, mtsuko wonse wapita. Mphepo ya kunoyi ndi madzi ofunda kale, mwananga. N'chifukwa chake mnzakoyo amavutika."

M'banja mwathu aliyense ankadziwa kuti ndalama za sukulu yanga ya sekondale, bambo anga atamwalira, zidachokera m'mtsuko wa azakhali. Palibe ankazinena. Ntchitoyo ankaichita mobisa, poopa anthu a boma ndiponso akuluampingo, ndipo ine nditakula ndidapitiriza kuwabisira, ngakhale pamene iwo adali atasiya kalekale ndipo padalibenso woopedwa. M'mawu othokoza a kafukufuku wanga woyamba ndidalemba kuti adandiphunzitsa ndi thukuta la m'munda wa thonje. Thonje ankalimadi, koma silikadandifikitsa ngakhale Fomu 2. Kwa masabata awiri ndidali nditawafunsa za nthano, za chinamwali, za kuphika mchere, za mayina a nsomba za mu Shire, chilichonse chimene chimaoneka bwino pamsonkhano wa akatswiri. Za ntchito imene manja awo ankaidziwa koposa zonse sindidafunseko liwu limodzi.

"Azakhali, kodi mungalole kuti zimenezi mawa tijambule?"

"Ndimayesa umachita nazo manyazi."

Sindidayankhe, ndipo sadadikire yankho. Adaitana mdzukulu wawo kuti awathandize kudzuka.

Fayilo ya m'mawa mwake ndi ya ola limodzi ndi mphindi 12, ndipo ndidaikopera malo atatu ndisadafufute kakhadi. Muli kanyikidwe ka madeya ndi shuga, ndi mmene ankamvetserera mtsuko ndi khutu kuti adziwe ngati zapsa. Muli kamatidwe ka pakamwa pa mtsuko ndi dothi kuti nthunzi isathawire m'timipata, ndipo apa ndidakumbukira phala loyera lija koma ndidakhala chete. Muli moto umene suyenera kukwiya, botolo loyamba laukali limene ankaligulitsa padera, ndi mausiku a m'mabango pamene udzudzu unkawaluma iwo osayerekeza kudziomba. Mulinso nkhani ya teremu ina imene adandibweza kusukulu masabata awiri chifukwa cha fizi. Ine ndinkadziwa kuti thonje silidagulidwe bwino, koma zoona zake n'zakuti anthu adabwera m'bandakucha n'kuphwanya mitsuko itatu. M'fayilo imeneyi ndidatolamo mawu oposa 20 amene sindidawapeze kwa Scott kapena m'Mtanthauziramawu. Nkhani ya mu 1949 sindidaipezenso. Azakhali adamwalira mu Malichi 2016.

Pojambula tsikulo laputopu idali yoyaka pamphasa pambali pawo, itakhala pa zitsekerero zake zinayi, chifukwa mafunso anga adali mmenemo. Chapafupi ndi mphindi ya 50 amasiya kuyankhula pakati pa chiganizo, n'kutembenukira kwa mdzukulu uja, amene saoneka pachithunzi.

"Tagwira kunsi kwa mnzawo wa amalume akowo."

Pamaoneka kadzanja kakulowa pansi pa makina.

"N'kofunda chabe, agogo."

"Chabwino. Ndinali pati?"

Mawu anga amamveka kuseri kwa kamera, ndikuwakumbutsa kuti adali pa botolo lachiwiri.